Msilikali Wosadziwika Dzina: Manda a ku Westminster ndi Akufa a Nkhondo ya Chiwaya

Munthu akamwalira pamudzi, abale ache amadziwa chochita. Uthenga umapita kwa mfumu, anthu amasonkhana pasiwa, adzukulu amakumba manda, ndipo mtembo umaikidwa kumene kunagona makolo ache. Pambuyo pache pamabwera kumeta, ndipo ikapita miyezi amafulula mowa wa bona, kapena amamanga chiliza ndi kulembapo dzina. Miyambo yonseyi imatheka chifukwa pali zinthu ziwiri: pali mtembo woti auike, ndipo pali dzina loti alitchule. Nkhondo imalanda ofedwa zinthu zimenezi, pakuti msilikali amafera kutali, kumene kulibe mbale woti amtseke maso, ndipo kawirikawiri chimene chimafika kumudzi ndi kalata yokha, kapena mau a mnzache wobwerako.

Nkhani ino ifotokoza m'mene anthu a ku Britain anayesera kupoza chisoni chotere itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pakuika msilikali mmodzi wosadziwika dzina pakati pa mafumu ao. Ifotokozanso chifukwa chache manda amenewo, ngakhale ali a ulemu waukulu, sanathe kuimira akufa onse a nkhondo ija, makamaka amene anachokera ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nalo.

Chifukwa chache akufa anasowa maina

Nkhondo imene inayamba mu Ogasiti 1914 inali yosiyana ndi nkhondo zonse zimene anthu anazidziwa kale. Ku France ndi ku Belgium magulu a nkhondo anakumba ngalande zazitali zobisalamo, kuyambira kugombe la nyanja kufikira kumalire a Switzerland, ndipo anakhala m'menemo zaka zinai akuponyerana zipolopolo za mizinga usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi lokha, pa 1 Julayi 1916, pamene inayamba nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 anaphedwa. Ambiri anagwera pakati pa ngalande zao ndi za adani, pamalo pamene munthu sakanatha kufikapo kuti awatole, ndipo mitembo yao inakhala pamtunda milungu kapena miyezi. Ena anakwiririka ndi dothi lofukulidwa ndi mizinga, ena anamira m'matope. Ngakhale amene anaikidwa bwino ndi anzao, manda ao anali kufafanizika pamene nkhondo inabwereranso pamalo omwewo.

Msilikali ali yense anali kubvala m'khosi kambale kozungulira ngati ndalama, kolembedwa dzina lache, nambala yache, gulu lache ndi chipembedzo chache. Koma poyamba kambaleko kanali kamodzi kokha, ndipo munthu akafa anzache anali kukachotsa kuti akakaonetse kwa akulu a nkhondo monga umboni wa imfa yache. Motero mtembo unali kutsala wopanda choudziwitsa. Mu 1916 ndi m'mene analamula kuti ali yense azibvala timbale tiwiri, kena kotenga ndi kena kotsala pa mtembo. Ngakhale zinatero, timbaleto sitinali ta chitsulo, koma ta chinthu chonga chikatoni cholimba, chimene chinali kuola m'nthaka yonyowa. Pa zifukwa zimenezi, mwa anthu oposa miliyoni imodzi a maiko olamulidwa ndi Britain amene anafa pa nkhondo ija, pafupifupi theka alibe manda odziwika.

Panalinso chinthu china chimene chinaonjezera chisoni. Boma linaletsa kunyamula mitembo ya asilikali kupita nayo kwao. Mwa zifukwa zina, anaona kuti olemera okha ndiwo akanatha kulipira ulendo wotero, ndipo ana a amphawi akanatsala m'dziko lachilendo. Bungwe losamala manda a nkhondo, lotchedwa Imperial War Graves Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1917 mwa khama la Fabian Ware, linaika lamulo lakuti akufa onse agone kumene anafera, ndi kuti mkulu wa nkhondo ndi msilikali wamba akhale ndi mwala wofanana. Lamulolo linali lachilungamo, koma zotsatira zache zinali zakuti m'mizinda ndi m'midzi ya Britain munadzala nyumba za anamfedwa amene sanaone bokosi, sanaperekeze mtembo, ndipo analibe manda oti akapiteko.

Maganizo a David Railton

Mu 1916 mbusa wina wa asilikali, dzina lache David Railton, anaona manda kuseri kwa nyumba ina pafupi ndi mzinda wa Armentières ku France. Pamandapo panali mtanda wa matabwa, ndipo wina analembapo ndi pensulo kuti wogona pamenepo ndi msilikali wa Britain wosadziwika dzina. Mbusayo anali ataika kale asilikali ambiri, ndipo anali kulandira makalata a makolo ofunsa kumene ana ao anagona. Tsono anayamba kulingalira kuti, ngati mmodzi wa osadziwikawo atatengedwa ndi kukaikidwa kwao mwaulemu, pamaso pa mtundu wonse, ndiye kuti banja liri lonse losowa manda likanapeza poti likalire.

Anasunga maganizowo kufikira nkhondo itatha, ndipo mu Ogasiti 1920 analemba kalata kwa Herbert Ryle, mkulu wa tchalitchi cha Westminster Abbey mu London. Tchalitchi chimenechi ndicho chimene mafumu a England amabvekedweramo ufumu, ndipo ambiri a iwo anaikidwa momwemo, pamodzi ndi anthu ena omveka a dzikolo. Kupempha kuti munthu wamba, wosadziwika ngakhale dzina, akagone m'malo otero, chinali chinthu chachilendo ndithu. Mfumu George V poyamba anakayika, poopa kuti mwambo wotero ungatukule chisoni chimene chinayamba kuzirala. Koma nduna yaikulu David Lloyd George inaubvomereza, ndipo Mfumu nayonso inalola. Anapangana kuti maliro achitike pa 11 Novembala 1920, tsiku lokwanira zaka ziwiri chilekere kulira kwa mfuti.

M'mene anamsankhira

Nchito yobvuta inali kusankha mtembo mwa njira yakuti pasakhale munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa mwini wache. Pa 7 Novembala 1920 magulu a asilikali anatumidwa ku malo anai kumene kunamenyedwa nkhondo zazikulu, ndiwo Aisne, Somme, Arras ndi Ypres. Gulu liri lonse linafukula mtembo umodzi m'manda olembedwa kuti ndi a msilikali wa Britain wosadziwika, ndipo linayang'anitsitsa kuti pasakhale chizindikiro chiri chonse choulula dzina kapena gulu lache. Mitembo inai ija anaitengera ku kanyumba kopemphereramo ku St Pol, ndipo oibweretsawo anauzidwa kuti abwerere msanga kumene anachokera, kuti asaone chotsatira.

Pakati pa usiku mkulu wa asilikali a Britain otsala ku France, Brigadier General L. J. Wyatt, analowa m'kanyumbamo. Mitembo inali pa machira, uli wonse wofundidwa mbendera, ndipo iye sanadziwe kuti uwu wachokera kuti, uwo wachokera kuti. Anakhudza umodzi, ndipo umenewo unaikidwa m'bokosi. Itatu yotsalayo inaikidwanso m'manda mwaulemu.

Kusamala konseku kunali ndi cholinga chimodzi. Dzina la munthuyo likanadziwika, mandawo akanakhala a banja limodzi, ndipo mabanja ena onse akanatsala monga analiri. Koma popeza palibe amene akudziwa, mai ali yense amene mwana wache anasowa ku France akanatha kuima pamandapo ndi kunena mumtima mwache kuti kapena ndi wache. Wogona m'menemo angakhale mwana wa mlimi kapena wa mfulu yolemera, angakhale wa ku England, wa ku Scotland, wa ku Ireland, wa ku Canada kapena wa ku Australia. Kubisika kwa dzina ndiko kunampatsa abale ochuluka chotero.

Ulendo wobwerera kwao ndi maliro ache

Mtembo anauika m'bokosi lopalidwa ndi matabwa a mtengo wa oak wochokera m'munda wa nyumba yachifumu ya Hampton Court, ndipo pamwamba pache anamangirira lupanga lakale limene Mfumu inapereka. Ku Boulogne asilikali a France anaulonda usiku wonse, ndipo mkulu wa nkhondo Marshal Foch anadza kudzaulawira. Pa 10 Novembala chombo cha nkhondo chotchedwa Verdun chinauolotsa nyanja kufika nao ku Dover, kumene anauombera mizinga 19, ulemu umene umapatsidwa kwa kazembe wamkulu koposa wa nkhondo. Kuchokera kumeneko unayenda pa sitima ya pamtunda, nugona pa siteshoni ya Victoria mu London.

M'mawa mwache, pa 11 Novembala, bokosi linaikidwa pa ngolo ya mzinga yokokedwa ndi akavalo akuda asanu ndi mmodzi, ndipo linadutsa pakati pa makamu a anthu oima chete m'mbali mwa miseu. Linaima mu mseu wa Whitehall, pamene panali chipilala chatsopano cha mwala chimene Edwin Lutyens anachikonza, chotchedwa Cenotaph, mau a Chigriki otanthauza manda opanda mtembo. Itakwana 11 koloko Mfumu inabvundukula chipilalacho, ndipo anthu onse anakhala chete mphindi ziwiri. Mwambo wa kukhala chetewu unali utayamba chaka cha 1919, potsata uphungu wa Sir Percy FitzPatrick wa ku South Africa, amene mwana wache anafera ku France, ndipo iye anauona ukuchitika mu mzinda wa Cape Town nkhondo iri mkati.

Pochoka pamenepo Mfumu inayenda pansi pambuyo pa bokosi, monga amachitira mwini maliro. Pakhomo la tchalitchi ndi m'kati mwache munaima asilikali amene analandira mendulo ya Victoria Cross, imene iri ulemu woposa wonse wa kulimba mtima pa nkhondo, ndipo malo ambiri okhalapo anapatsidwa kwa akazi amasiye ndi amai ofedwa ana. Bokosi linali lofundidwa mbendera ya David Railton, yomwe ija anali kufunda nayo mitembo ya asilikali ku France. Manda anafotseredwa ndi dothi lotengedwa m'malo a nkhondo, kuti munthuyo agone m'nthaka yomwe anzache anagonamo. M'masiku asanu ndi awiri otsatira, anthu oposa miliyoni imodzi anadutsa pamandapo, ambiri a iwo atayenda ulendo wautali ndi kudikira pamzere maola ochuluka.

Mu Novembala 1921 anaikapo mwala wakuda wa nsangalabwi wochokera ku Belgium, ndipo malemba ache anawapanga ndi mkuwa wosungunula kuchokera ku zipolopolo za nkhondo. Pansi pa tchalitchicho pali manda ambiri amene anthu amapondapo poyenda, koma manda awa okha ndiwo osaloledwa kupondedwa. Mu 1923, pa tsiku la ukwati wache ndi mwana wa Mfumu, Elizabeth Bowes-Lyon anaika maluwa ache a ukwati pamwalapo, pokumbukira mlongo wache Fergus amene anaphedwa ku Loos mu 1915; ndipo akwati a banja lachifumu akhala akutsata chitsanzo chimenecho.

Wodziwa miyambo ya kumudzi sangadabwe ndi zimene zinachitika tsiku lija. Akulu amati maliro nkulirana, ndipo mlendo akafera pamudzi, mfumu ya mudziwo ndiyo imasenza maliro ache, kuti asaikidwe ngati nyama. Mu London, munthu amene analibe mbale wodziwika anasenzedwa ndi mfumu ya dziko, ndipo mtundu wonse unakhala pasiwa pache.

Maiko ena

Britain sanali yekha pa maganizo amenewa. Pa 10 Novembala 1920, m'linga la Verdun, msilikali wachinyamata wa France, Auguste Thin, anasankha bokosi limodzi mwa mabokosi 8, ndipo mtembowo unaikidwa pansi pa chipata cha Arc de Triomphe mu Paris, pamene moto wachikumbutso wakhala ukuyaka kuyambira 1923. Ku Italy nchito yosankha inapatsidwa kwa mai wofedwa, Maria Bergamas, amene mtembo wa mwana wache sunapezeke. Iye anaima patsogolo pa mabokosi 11 m'tchalitchi cha Aquileia mu Okutobala 1921, ndipo limene analisankha linaikidwa mu Roma. America anaika wache ku Arlington pa 11 Novembala 1921. Patapita zaka zambiri, maiko amene kale anali kuyesa manda a ku Westminster ngati aonso anafuna kukhala ndi manda aoao: Australia mu 1993, Canada mu 2000, ndi New Zealand mu 2004.

Nzeru za masiku ano zasintha zinthu. Msilikali wa nkhondo ya ku Vietnam amene anaikidwa ku Arlington monga wosadziwika anafukulidwa mu 1998, ndipo atapima mafupa ache mwa njira ya DNA anapeza kuti ndi Michael Blassie, woyendetsa ndege ya nkhondo. Abale ache anamtenga nakamuika kwao. Ichi chisonyeza kuti, ngakhale ulemu wa manda a mtundu wonse ndi waukulu, banja likapatsidwa mwai wosankha limafuna mwana wao ndi dzina lache.

Dzina lopanda mtembo

Manda a ku Westminster ndi mtembo wopanda dzina. Bungwe la manda a nkhondo linatsata njira inanso, ndiyo ya dzina lopanda mtembo. Linatsimikiza kuti munthu ali yense wofa pa nkhondo dzina lache lilembedwe pa mwala, ngakhale thupi lache silinapezeke. Chotero ku Ypres anamanga chipata chachikulu cha Menin Gate, chimene chinatsegulidwa mu 1927, ndipo pa zipupa zache pali maina oposa 54,000. Ku Thiepval, m'dera la Somme, chipilala chotsegulidwa mu 1932 chiri ndi maina oposa 72,000. Pa chipata cha ku Ypres anthu a mumzindamo amaliza lipenga la kulawira akufa madzulo ali onse pa 8 koloko, mwambo umene unayamba mu 1928, ndipo unadukizidwa pamene Ajeremani analanda mzindawo pa nkhondo yachiwiri.

Njira ziwirizi zinathandizana. Wofedwa anatha kukawerenga dzina la mwana wache pa chipupa, ndipo anatha kukaima pa manda amene kapena ndi a mwanayo. Mwa zinthu ziwiri zija zofunika pa maliro, mtembo ndi dzina, palibe chimene anamanidwa kotheratu. Koma panali akufa ena a nkhondo yomweyo amene anamanidwa zonse ziwiri.

Akufa a nkhondo ya Chiwaya

Mitembo inai ija ya ku St Pol inafukulidwa ku France ndi ku Belgium kokha. Chifukwa chache, ngakhale palibe wodziwa amene agona ku Westminster, chodziwika ndi chakuti si munthu amene anafera mu Africa. Komatu nkhondo ija inamenyedwanso kumeneko, ndipo inakhalitsa kuposa ya ku France.

Dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi, linachita malire ndi German East Africa, dziko la Ajeremani limene chigawo chache chachikulu lero ndi Tanzania. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven kum'mawa kwa nyanja, ndipo pa 9 Sepitembala 1914 panachitika nkhondo ku Karonga. Kuyambira pamenepo magulu a Britain anathamangitsana ndi mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, kudutsa m'dziko lache, kulowa m'Mozambique, kufikira ku Northern Rhodesia, kumene anatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918, patapita milungu iwiri chithere nkhondo ya ku France.

Mau atatu amene anatsala m'chinenero akusunga mbiri imeneyi. Loyamba ndi chiwaya, dzina la mfuti yolira mosalekeza, limene anthu anatchulira nkhondo yonseyo kuti nkhondo ya Chiwaya. Lachiwiri ndi Keyala, katchulidwe ka malemba atatu oyamba a dzina la King's African Rifles, gulu la asilikali limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ache awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Lachitatu ndi tengatenga, dzina la anthu onyamula katundu wa nkhondo pamutu. M'maiko amenewa miseu ya galimoto inali yosowa, ndipo ng'ombe, akavalo ndi abulu anali kufa ndi kashembe. Motero ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala zonse zinayenda pa mitu ya anthu. Olemba mbiri amawerenga kuti Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ndipo ambiri a amtengatengawo anatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu a midzi, kotero kuti amuna ena anali kuthawira kuthengo akamva kuti olemba anthu afika.

Amtengatenga sanafe kwambiri ndi zipolopolo. Anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo, njala ndi kutopa, ndipo potsiriza ndi fuluwenza ya 1918. Pa nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, onyamula katundu a mbali ya Britain amene anafa amawerengedwa kuti anali pafupifupi 95,000. Ambiri anagwera m'mbali mwa njira, ndipo ulendo unapitirira. John Chilembwe anaziona zimenezi zisanafike poipa. Mu Novembala 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a dziko lache akutengedwa kukafera nkhondo imene siiri yao, ndipo atsala ndi akazi amasiye ndi ana amasiye osowa wowasamala.

Nkhondo itatha, lamulo lija lakuti wakufa ali yense alembedwe dzina silinatsatidwe mu Africa. Azungu amene anafa anapatsidwa manda ao ndi miyala yao, monga aja a ku Karonga. Koma za anthu akuda, akulu a boma ndi a bungwe la manda anagwirizana kuti manda ao ambiri asasamalidwe, ndi kuti chikumbutso chimodzi m'mzinda waukulu chikwanira. Bwanamkubwa wa dziko la Gold Coast ananena mu 1923 kuti munthu wamba wa kumeneko sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, ndipo maganizo otere anali ofala pakati pa olamula. Motero ku Dar es Salaam, ku Mombasa ndi ku Nairobi anaimika zifanizo za mkuwa mu 1927 ndi 1928, zokumbutsa asilikali ndi onyamula katundu, koma zopanda maina ao. Amene ananena kuti anthuwa sasamala za manda sanadziwe za adzukulu, za kumeta kapena za bona. Sanadziwenso kuti pamudzi manda a makolo ndiwo umboni wakuti malowo ndi a mbumba yakuti.

Pano pali kusiyana kumene wophunzira ayenera kukuzindikira. Msilikali wa ku Westminster alibe dzina chifukwa nkhondo inalifafaniza, ndipo anthu anabisa dala chotsala chiri chonse kuti ulemu wache ufikire onse. Mtengatenga wa ku Dowa kapena ku Mulanje anali nalo dzina, mfumu yache inalidziwa, mkazi wache analidziwa, ndipo amene anamtenga akanatha kulilemba ndi kulisunga. Kusadziwika kwa woyambayo kunadza ndi ulemu, koma kwa wachiwiriyo kunadza ndi kunyozedwa.

Ku Zomba kuli nsanja ya njerwa yokumbutsa asilikali a Keyala, ndipo pamenepo maina a asilikali ambiri amene anafa pa nkhondo ija analembedwa. Ichi ndi chuma chachikulu, pakuti mdzukulu angathe kufikapo ndi kuloza dzina la agogo ache. Mwezi wa Novembala chaka ndi chaka akulu a dziko, asilikali ndi nkhalamba zimene zinamenya nkhondo amasonkhana pa nsanja imeneyi ndi pa zipilala zina, monga cha ku Lilongwe, naika nkhata za maluwa ndi kukhala chete monga amachitira ku London. Koma amtengatenga, amene anali ochuluka kakhumi kuposa asilikali, ambiri a iwo sanalembedwe pa mwala uli wonse.

Kubweza maina

Mu Epulo 2021 bungwe lija la manda, limene kuyambira 1960 limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mbiri yache. Linapeza kuti akufa a pakati pa 45,000 ndi 54,000, ambiri a iwo a ku Africa ndi ku India, sanakumbukiridwe mofanana ndi Azungu, ndi kuti ena osachepera 116,000, kapena kufikira 350,000, sanalembedwe maina kapena sanakumbukiridwe konse. Linabvomereza kuti tsankho la mtundu ndilo linachititsa zimenezi, ndipo nduna ya za chitetezo ya Britain, Ben Wallace, inapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Kuyambira pamenepo anayamba kufunafuna maina m'mabuku akale a boma, ndipo mu Januwale 2025 anatsegula chikumbutso mu Cape Town, cha mizati ya mitengo yolembedwa maina a anthu oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa akugwira nchito za nkhondo ija.

Mabuku a boma sangabweze maina onse, pakuti ambiri sanalembedwemo. Koma dzina limene silinalowe m'buku kawirikawiri linatsala m'mudzi. Anthu amene anaona nkhondo ya Chiwaya ndi maso ao anatha onse, koma adzukulu ao alipo, ndipo ena amakumbuka kuti mlongo wa agogo ao anatengedwa kukanyamula katundu ndipo sanabwere. Ena amadziwa kuti dzina limene ali nalo analowa la munthu ameneyo. Mphunzitsi amene atumidwa kukaphunzitsa kumudzi ali pamalo abwino osonkhanitsira mbiri yotere. Akakhala pansi ndi akulu a mbumba, afunse ndi kulemba dzina la munthuyo monga anali kumuitanira kwao, mfunda wache, mudzi ndi mfumu yache, ngati anapita monga msilikali kapena monga mtengatenga, kumene anthu anamva kuti anafera, ndi amene anabweretsa uthengawo. Alembenso ngati abale anameta, kapena anangodikira zaka ndi zaka osadziwa chochita. Zolembedwazo zisungidwe pasukulu ndi kwa mfumu, ndipo pa tsiku la chikumbutso mu Novembala, ana asanakhale chete mphindi ziwiri, mmodzi wa iwo aimirire ndi kuwerenga mainawo mokweza.